Kabokosi ka a Damiano

Gladson anawaona komaliza bambo ake ali moyo Loweruka m'mawa, pakhonde la nyumba yawo pa Kabudula. A Damiano anali pampando wawo wansungwi, dzanja lamanzere lili pabondo ngati katundu amene mlendo anaiwala. Chiwagwirireni sitiroko chaka chapitacho, dzanja limenelo silinagwirenso nsalu pamakina kapena nsambo za gitala. Ntchito yautelala anali atailandira Enelesi, mwana wawo woyamba, ndipo m'mawa umenewo n'kuti akupondaponda makina, kusoka mayunifolomu poti sukulu zinali pafupi kutsegulira. Pabwalo, Gladson ndi Luka wakabaza ankamangirira kabokosi kumbuyo kwa njinga yamoto.

"Mwayala pilo pansi pake?" anafunsa a Damiano. Mawu awo ankatulukira mbali imodzi ya kamwa. "Msewu wa ku Nambuma uli ndi mano."

"Tayala, bambo."

"Ukakayatsa usakathamangire kuimba. Ukadikire kafunde."

"Ndikudziwa, bambo. Paja zamagetsi ndinaphunzira."

"Unaphunzira theka," anatero Enelesi, osadzutsa mutu pamakina.

A Damiano anaseka mpaka kutsokomola. "Musiye mwana. Theka n'lambiri. Ine anandiphunzitsa ndi magetsi eniakewo, pondimenya." Kenaka anakweza dzanja labwino lija n'kumuloza Gladson. "Mawa tikaweruka kutchalitchi ukhale utabwera nako. Yatsala mbali yachitatu. Ndikufuna ndiitule, ikundilemera."

"Mawa ndili pano."

Njinga inalira, fumbi linadzuka. Gladson sanacheuke. Gitala inali kumsana ndipo ankaopa kuigunditsa.

Kabokosi kameneka kanali ampulifaya ya gitala yamagetsi. A Damiano anabwera nako kuchokera ku Joni ali mnyamata, pamodzi ndi gitala yofiira ndiponso chifuwa chimene sichinathe. Kanali kakang'ono ngati katoni ya sopo, ndipo sipika yake inali imodzi, yofanana ndi mbale ya ndiwo. Mphamvu yake inali mawatsi asanu okha. Kumbuyo kwake kunali timababu titatu tagalasi, timene tinkafiira pang'onopang'ono ngati makala a m'mbaula. Ukakayatsa sikankayankha nthawi yomweyo. Kankayamba kang'ung'udza chapansipansi ngati nkhalamba imene yadzutsidwa, kenaka n'kutsegula kukhosi. Ukakhudza nsambo mofatsa, mawu ankatuluka oyera ngati madzi a pachitsime. Ukakweza pang'ono n'kukanda ndi mphamvu, mawuwo ankasasa, koma kusasa kokoma, konga kwa mayi amene waimba tsiku lonse ndipo nyimbo yayamba kuchokera m'mimba. Komabe mawu onsewo ankathera pamtengo wa mango wa pabwalo.

"Sikanapangidwire chigulu," ankatero a Damiano. "Kanapangidwira munthu amene wabwera kudzamva. Anthu akachuluka, umaika maikolofoni patsogolo pake, basi. Sumakakakamiza."

Malamulo ake anali atatu, ndipo ana onse awiri anakula akuwadziwa ngati pemphero la pachakudya. Udikire kafunde. Usakanyamule kadakali kotentha. Lachitatu ndi limene a Damiano ankalinena atatsitsa mawu. "Usadzakaimbe sipika ili yosalumikiza. Mawayilesi a masiku ano ukawachotsa sipika amangokhala duu. Aka ayi. Mphamvu yake ikasowa potulukira imabwerera m'mimba n'kukadya matumbo. Ndipo iwe sumva kalikonse."

Mbali yachitatu imene ankanena inali ya nyimbo. A Damiano anaipeka chaka chimene akazi awo, a Rozaria, anatisiya. Inalibe mawu, inalibe dzina. Mbali ziwiri zoyambazo ankaziimba pakhonde Lamulungu lililonse, moti ngakhale nkhuku zinkazidziwa. Yachitatu ankaiimba akakhala okha, atatseka chitseko, voliyumu ili pansi. Gladson ali mwana ankangomva kuti m'chipinda mukulira kanthu, iye n'kumathamangira mpira. Dzanja litafa, a Damiano anayamba kumuphunzitsa nyimboyo ndi pakamwa, akung'ung'udza kwinaku akumenya mpando ndi chala. Mbali ziwiri zinatenga miyezi isanu, chifukwa mkuluyo sankalola kuti chala chidumphe ngakhale pamodzi. Yachitatu inalibe kwina kokhala. Sinali papepala, sinali pafoni. Inali m'mutu mwa munthu mmodzi wodwala.

Pali chinanso chimene muyenera kudziwa za Gladson. Anakhala chaka ndi theka pakoleji ya ntchito zamanja mumzinda, akuphunzira zamagetsi, n'kulephera mayeso. Zotsatira zitatuluka sanabwerere kwawo. Anabisala miyezi iwiri kwa mnzake ku Mtandire, akunama pafoni kuti maphunziro akupitirira. Tsiku lina anangoona bambo ake ataima pakhomo, nsapato zili matope okhaokha, atafunsa nyumba ndi nyumba kuyambira m'mawa. Sanamukalipire. Anangoti, "Tiye kwathu, fodya wafika pothyola." Mnyamata wanzeru akanaphunzirapo kuti pakhomo paja palibe mlandu umene ungatseke chitseko. Gladson anaphunzirapo china: kuti ukabisala, wina amabwera kudzakutenga.

Ku Nambuma kunali ukwati, ndipo amene anamuitana anali Wyson, mwini zoimbira, munthu wa masipika aatali ngati zitseko ndi jenereta yolira ngati chigayo. Ataona kabokosi kakutsitsidwa panjinga, Wyson anagwira m'chiuno.

"Aise, ndinati mubwere ndi ampulifaya. Ichi n'chofungatira mazira?"

"Mudikire mumve."

"Kapena ndi kawayilesi ka agogo komvera mauthenga a maliro, eti?"

Anyamata onyamula mawaya anafa nako kuseka. Gladson anavundukula chophimba chimene bambo ake anasoka ndi nsalu ya khaki, anayatsa, anadikira kuti kafunde. Nyimbo yoyamba itayamba, amene anali pafupi anasiya kulankhula. Mkulu wina wa chipewa chaubweya anasendeza mpando wake n'kutchera khutu. Koma bwalo linali lalikulu, dzuwa lili paliwombo, amayi akululutira, jenereta ikubangula kuseri kwa msasa. Kupitirira mzere wachitatu wa mipando, anthu ankangoona zala zikuyenda.

"Kodi gitalayo ikulira kapena akungoikanda mphere?" anakuwa mtsikana wina, ndipo anzake anaombana m'manja.

Gladson anapita kwa Wyson kukapempha maikolofoni.

"Alipo awiri, amwene. Wina ndi wa woyendetsa mwambo, wina ndi wa Dorica woimbayu. Mukufuna ndilande uti?"

Apa ndi pamene theka lija linagwira ntchito. Gladson anagwada kuseri kwa kabokosi, anazula mawaya awiri opita kusipika yake yaing'ono, n'kulumikiza waya wautali wopita ku sipika imodzi yaikulu ya Wyson, imene inali tsidya lina la bwalo. Wayayo anali wa zigambazigamba, wolumikizidwa mopotokola pena ndi pena, mfundo zake zokulungidwa ndi timapepala ta jumbo. Gladson anaziona mfundozo. Anadziuza kuti ndi za nyimbo ziwiri zokha.

Ndipo zinatheka. Gitala inatulukira m'chisipika chija ndi mawu amene bwalo lonse linamva. Mtsikana wonyoza uja anadzuka n'kuyamba kuvina. Wyson anakweza chala chachikulu m'mwamba. Kwa mphindi khumi Gladson anali munthu amene sanalepherepo mayeso.

Kenaka operekeza akwati analowa m'bwalo ndi gule wawo, awiriawiri, nsapato zosongoka zikupalasa fumbi. Chidendene cha wina chinakola waya uja. Mfundo imodzi inamasuka pansi pa fumbi, popanda woona. Gitala inangoti zii. Kiyibodi ya Wyson inkapitirira, Dorica ankaimbabe, anthu ankakuwa. Gladson anasuzumira kuseri kwa kabokosi n'kuona timababu tikuyaka bwinobwino, tofiira ngati kale. Anaganiza kuti phokoso la anthu ndi limene lamumiza. Anapotokola voliyumu mpaka pamapeto, n'kuyamba kumenya nsambo ngati akuphwanya zibuma. Anamenya nyimbo yonse mpaka kutha, akutuluka thukuta, osamva ngakhale liwu limodzi.

"Kodi akuwotcha mapulasitiki ndani?" anafunsa Dorica, atachotsa maikolofoni pakamwa.

Kautsi kopyapyala kankatuluka kuseri kwa kabokosi, mosafulumira, ngati ka ndudu imene munthu waisiya patebulo. Gladson anazimitsa. Anabwezera mawaya pasipika yaing'ono ija, anayatsanso, anadikira. Timababu tinafiira. Anakhudza nsambo. Kabokosi kanangomuyang'ana ngati mbuzi yozingidwa, maso otsegula koma osaona kanthu.

Lamulungu m'mawa Luka anabwera kudzamutenga monga anapanganirana. Gladson anamuuza kuti abwerere yekha. Iye anakwera galimoto ya matola yopita mumzinda, kabokosi kali pamiyendo. Ali m'njira anaimbira Enelesi.

"Achemwali, Wyson wapeza ntchito ina kutauni. Muwauze bambo kuti ndifika Lachitatu."

"Iwe Gladi, akudikiratu chidzukireni. Avala ndi jekete."

"Lachitatu si kutali."

Mumtima mwake nkhani inali yosavuta. Akonzetse kabokosi, abwerere nako kakulira, ndipo pasapezeke woti anene za theka. Kubwerera chimanjamanja, kukaima pamaso pa munthu amene anasunga chinthu zaka makumi anayi iye n'kuchiwononga m'masana amodzi, kumeneko ndiye anakuona ngati phiri.

Atazungulira masiku awiri kwa okonza mawayilesi ndi mafoni, amene ankangosuzumira n'kupukusa mitu, wina anamulozera kwa a Raphael. Iwowa anali mkulu wa imvi wokulunga mawaya a mamota a zigayo, m'kashedi ka malata pafupi ndi msika. Anamasula kumbuyo kwa kabokosi, anaika mphuno, n'kumuyang'ana Gladson pamwamba pa magalasi.

"Anakaimba kopanda sipika."

"Eya."

"Ndani?"

"Mnzanga wina."

"Mnzakoyo ukamuuze kuti wapha nkhalamba yosalakwa." Anagogoda ndi sikuludiraiva kachitsulo kakuda kokhala ngati chibakera. "Yapsa ndi thiransifoma iyi, imene imapereka mawu kusipika. M'sitolo simungaipeze, olo mupite kuti. Pafunika kuimasula, kuwerenga mizere ya waya umodziumodzi, n'kukulunga watsopano chimodzimodzi. Wayayo ndi wopyapyala ngati tsitsi la khanda. Masabata awiri, mwina atatu. Pita kwanu, mwana wanga. Kakatha ndikuimbira."

"Ndidikira konkuno."

"Kudikira kwako sikukulunga waya."

"Ndidikirabe."

A Raphael anakweza mapewa. Anali atawaonapo anthu ambiri oopa kwawo.

Masiku a mumzinda anayamba kufanana ngati nyemba. M'mawa Gladson ankayenda wapansi kuchokera ku Mtandire, kwa mnzake yemwe uja, n'kukakhala pamota yakufa m'shedi ya a Raphael. Zigayo zinkayamba ndizo, chifukwa eni ake ankabwera ndi ukali wa anthu amene mzere wa amayi ukuwadikira. Kabokosi kankapeza mpata dzuwa likapendeka. A Raphael ankamasula waya wopsa uja akuwerenga chamumtima, Gladson n'kumalemba timizere pakatoni. Waya ankaduka, ankamatirira, ankasokoneza chiwerengero. Kupeza watsopano wopyapyala chotero kunadya masiku anayi, akufukula m'milu ya mawayilesi akale. Atakulunga koyamba n'kuyesa, kabokosi kanalira ngati chule wa m'chitsime. A Raphael anatukwana pang'ono, anamasula zonse, n'kuyambiranso.

Lachitatu lija linadutsa. Gladson analonjeza Loweruka, kenaka Lachiwiri. Bodza lili ngati chigamba cha pansalu yovunda: ukasoka apa, pang'ambika apo.

Lamulungu lachitatu chichokereni, foni inalira masana. Anali Enelesi. "Dikira, akufuna akulankhule okha." Panamveka mpando wansungwi ukulira, kenaka kupuma kolemera.

"Gladi."

"Bambo."

"Ukudya kumeneko?"

"Ndikudya."

"Nanga kabokosi kali bwanji?"

Gladson anayang'ana khoma. "Kali bwino, bambo."

Gladson anangomva tambala wa kwawo akulira kumbali ina ya foni.

"Chabwino," anatero a Damiano. "Koma ukudziwa, gitala ija imalira ngakhale popanda magetsi. Mawu ake ndi ochepa, koma alipo. Munthu umangosendera pafupi."

"Ndibwera Lachisanu, bambo. Ulendo uno ndithu."

"Ndiye tamvera, ndikuyambireko pompano mbali ija. Uziyenda nayo."

Ndipo anayamba kung'ung'udza. Mawu oyamba anali apansi, achiwiri anakwera, achitatu anakhala pomwepo ngati akuganiza, achinayi anatsika pamalo pamene Gladson sankayembekezera. Anadziwa kuti akamva achisanu alira, ndipo akalira aulula.

"Netiweki ikuvuta, bambo. Sindikukumvani. Mudzandiimbira ndikafika."

Anadula. Netiweki inalibe vuto lililonse.

M'mawa mwake anazimitsiratu foni. Anali atatopa ndi kunama, ndipo m'malo moleka kunama anasankha kuleka kuyankha. Anadziuza kuti adzaiyatsa ali ndi nkhani yabwino. Lolemba lomwelo a Raphael anamaliza kukulunga kachiwiri, anaviika thiransifoma mu vanishi, n'kuipachika padzuwa ndi kawaya ngati nyama yofutsa. Inafunika masiku awiri kuti iume. Gladson anakhala pansi pake masiku awiri onsewo, akuiyang'ana ikudontha.

Lachinayi m'mawa anaibwezera m'malo mwake. A Raphael anaonetsetsa okha kuti sipika yalumikizidwa, kawiri konse, asanalole kuti ayatse. Timababu tinafiira. Kung'ung'udza kwa nkhalamba yodzutsidwa kuja kunabwerera. Gladson anakhudza nsambo imodzi, ndipo mawu anadzaza kashedi konse, oyera, ofunda, osasa pang'ono kumapeto. Wowotcherera zitsulo wa pafupi anazimitsa makina ake n'kudzaima pakhomo. Gladson anaimba mbali yoyamba ndi yachiwiri.

"Kenako?" anafunsa a Raphael. "Nyimboyi sinathe."

"Yotsalayo ili kwa bambo."

"Ndiye ukudikiranso chiyani pano? Thamanga."

Anakwera minibasi mpaka pa Nsaru, kabokosi kali pamiyendo, akukatchinjiriza ndi mikono pa bampu iliyonse. Foni sanaiyatsebe. Ankafuna angotulukira, aike kabokosi pakhonde, ayatse, bambo ake amve okha. M'njira yonse ankakonza mawu oti akanene, ndipo kwa nthawi yoyamba anaganiza zokanena zoona, poti tsopano zoonazo zinali ndi mathero abwino. Pa Nsaru anakwera kabaza wa mnyamata amene sankamudziwa.

Atatsala pang'ono kufika, wakabazayo anachepetsa liwiro. Pamsewu panali nthambi zaziwisi zoyalidwa mopingasa, monga timachitira pakagwa zovuta. Mnyamatayo anazimitsa injini, anatsika, anavula chipewa, n'kuyamba kukankha njinga. Gladson anatsikanso, akudzifunsa kuti kodi wapita ndani mwa anansi. Anayenda chotero mwakachetechete, matayala okha akulira pamchenga. Nthambi zina zotsekera zinali patsogolo, kupitirira pang'ono mtengo wa mango. Pakati pa nthambi ziwirizo panali nyumba imodzi yokha. Pansi pa mango panali abambo atakhala pamabenchi a kutchalitchi. M'nyumba amayi ankaimba. Makina osokera anali atachotsedwa pakhonde, ndipo mpando wansungwi unali utatsamiritsidwa kukhoma, miyendo m'mwamba.

Palibe anamukalipira. Abambo anamupatsa njira, maso ali pansi. Luka anabwera n'kumulandira kabokosi m'manja mwaulemu, ngati akulandira mwana wogona. Gladson anali atafika nthawi yoona nkhope isanathe. A Damiano anali atavekedwa jekete lija. Kamwa imene inapotoka chaka chathunthu inali itawongoka.

Atabwerako kumanda, anthu atasamba m'manja n'kuyamba kubalalika, Enelesi anamupeza kuseri kwa nkhokwe. Maso ake anali otupa, mawu atatha.

"Ndinakuimbira kokwana makumi awiri. Ndinatuma ndi munthu ku Mtandire, anapeza mwatseka."

"Anadwala masiku angati?"

"Sanadwale. Dzulo m'mawa anamwa phala, ananyoza msoko wanga kuti wakhota ngati njira ya woledzera. Anakhala pampando kuyang'ana kumsewu, monga ankachitira masiku onsewa, akung'ung'udza. Ine ndinali pamakina. Nditaima kuti ndisinthe ulusi, ndinamva kuti kuli zii. Ndinkayesa agona, Gladi. Ndinasokanso malaya ena athunthu."

Gladson anakhala pansi, pafumbi pomwepo.

"Za kabokosi ankadziwa?"

"Luka anawauza Lamulungu loyamba lomwe lija. Ku Nambuma kunalibe amene sanamve fungo."

"Anati chiyani?"

"Anaseka. Anati kabokosi kagwira ntchito zaka makumi anayi, nakonso kanatopa. Ndinafuna kukuuza kuti akudziwa, anandiletsa. Anati, 'Usamuvule mwana pagulu. Manyazi akatha abwera yekha.' Tsiku lina ndi pamene anati, 'Ulendo uja ndinakamutenga. Ulendo uno miyendo yandikana.'"

Patapita sabata, abale atabwerera kwawo, Gladson anamupempha Enelesi kuti ayese kukumbukira. Anakhala pakhonde awiriwo. Enelesi anatseka maso, anang'ung'udza mawu anayi omwe aja, n'kuima. Anayesanso, ndipo nyimbo inakhotera ku ina ya kwaya ya kutchalitchi. Anayesa kachitatu, inatuluka ina.

"Ankaiimba tsiku lililonse, pompa," anatero, akumenya pachipumi ndi chikhatho. "Koma makinawa amasokosera. Ndipo ine ndinkati mwini wake akubwera, ndisungirenji?"

Gladson anafunsa a kwaya, anafunsa anzawo a bambo ake amene anali nawo ku Joni, awiri amene atsala. Onse ankadziwa mbali ziwiri. Yachitatu inali ya chitseko chotseka.

Kabokosi kalipo mpaka lero, ndipo a Raphael anagwira ntchito yabwino: kamalira kuposa kale. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, Gladson amakatulutsa pakhonde, amaona ngati sipika ili yolumikiza, amayatsa, amadikira kafunde. Malamulo onse atatu amawasunga tsopano, pamene palibe womuona. Amaimba mbali yoyamba. Amaimba yachiwiri. Kenaka amaimba mawu anayi, apansi, okwera, oganiza, ndi otsika aja, n'kuika chikhatho pansambo. Kabokosi kamatsala kakung'ung'udza kokha chapansipansi, kakudikira chala chimene sichidziwa kolowera. Anthu odutsa pamsewu amayesa kuti nyimboyo imathera pomwepo. Enelesi amadzuka n'kulowa m'nyumba.

Gladson ankayesa kuti tsoka limayamba lagogoda. Ankayesa kuti chinthu chikamapsa chimalira, kuti munthu akamapita amayamba wagonekedwa m'chipatala, abale n'kuitanidwa, mochedwa n'kupeza mpata wothamanga. Koma thiransifoma inapsa timababu tikuyaka bwinobwino, ndipo bambo ake anapita phala lili m'mimba, maso ali kumsewu, makina akusoka. Akuluakulu ananena kale, ndipo sananene mokweza: chakudza sichiimba ng'oma.

A Damiano anamwalira Lachitatu, pa 6 Seputembala, 2023.